Kufiira kwa ndege ya Richthofen kunatsalira m'tizidutswa ta nsalu

Pa 21 Epulo 1918, ndege yofiira ya mapiko atatu osanjikizana inagwera m'munda pafupi ndi mudzi wa Vaux-sur-Somme, kumpoto kwa France. Woyendetsa wake, Manfred von Richthofen wa ku Germany, anali atalasidwa chipolopolo chimodzi chokha m'chifuwa. Anafa ali ndi zaka 25, atagwetsa ndege 80 za adani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndegeyo, Fokker Dr.I ya nambala 425/17, siinaphwanyike kwenikweni pogwa. Amene anaimaliza ndi asilikali a ku Australia ndi anzawo, omwe anaithamangira ndi mipeni. Ndege za nthawiyo zinali mafupa a chitsulo ndi matabwa okutidwa ndi nsalu, choncho aliyense anachekapo kachidutswa kake kokaonetsa kwawo, mpaka inatsala yosendeka ngati chinangwa.

Lero amisiri okonza ndege zakale, ojambula ndi opanga tindege toseweretsa akafuna kubwezeretsa maonekedwe a ndegeyi, amayamba n'kukanda mutu. Zithunzi zilipo, koma nzopanda mitundu, ndiponso zimanama. Filimu yofala masiku amenewo, ya mtundu wa orthochromatic, sinkaona kufiira. Chinthu chofiira chinkatuluka chakuda bii, chachikasu chinkada, pomwe chabuluu chinkayera mbuu. Munthu akangodalira maso ake pa chithunzi chotere, akhoza kulumbira kuti ndege yofiira inali yakuda.

Komanso Richthofen sanali ndi ndege imodzi. Anayamba kupaka utoto wofiira mu Januwale 1917, pa Albatros D.III, atangopatsidwa utsogoleri wa gulu la Jasta 11. Pa ndege 80 zija, 19 zokha ndizo anagwetsa ali mu Fokker ya mapiko atatu, ndipo ma Fokker akewo sanali ofiira thupi lonse onse. Ku fakitale ankatuluka ndi utoto wobiriwira moderako, wopakidwa ndi burashi mosiya mizeremizere, kunsi kwake kuli buluu wowala. Kufiira kunkabwera pamwamba pa zimenezi. Ina mwa ndege zake, ya nambala 152/17, inali yofiira mwa apo ndi apo, kwina kukuonekabe zobiriwira za ku fakitale. Imeneyi ndiyo inasungidwa bwinobwino m'nyumba ya zinthu zakale ya Zeughaus ku Berlin, ndipo ikanatha kuthetsa mikangano yambiri. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaiwononga.

Nchifukwa chake ofufuza amabwerera kwa anyamata a mipeni aja. Zomwe zinazulidwa pa 425/17 zinamwazikana dziko lonse. Injini ili ku Imperial War Museum ku London. Mpando uli ku Royal Canadian Military Institute ku Toronto, kumene anaupereka Roy Brown, woyendetsa ndege wa ku Canada amene poyamba ankati ndiye anamugwetsa. Ndodo yowongolera ndi zidutswa za nsalu zili ku Australian War Memorial ku Canberra. Ine ndimaona kuti kansalu kothothoka, kochepa ngati chikhatho, kali ndi mawu kuposa zithunzi khumi, chifukwa utoto umakhala mosanjikizana ndipo wofufuza amatha kuwerenga umene unayamba ndi umene unatsatira.

Pa mitanda m'pamene pamakoma nkhani. Kumayambiriro kwa 1918 ndege za Germany zinali ndi mtanda wakuda wa manja otambasuka kunsonga. M'mwezi wa Malichi kunabwera lamulo loti mtanda ukhale wa manja owongoka. Amakaniko sanachotse nsalu, anangopaka utoto pamwamba pa mtanda wakalewo, ndipo pa zidutswa zotsalazo nsonga zakale zimaonekabe pansi pa utoto watsopano. Tsono wofuna kupenta ndegeyi ayenera kuyamba wasankha tsiku: kodi ndi 425/17 ya mu Malichi, kapena ya pa 20 Epulo pamene Richthofen anagwetsa ndege zake ziwiri zomaliza?

Mnzake Werner Voss analibe mwayi wotero wosiya umboni wokwanira wa mitundu ya ndege yake. Iye anaphedwa pa 23 Seputembala 1917 atalimbana yekha ndi akatswiri a gulu la Britain la 56 Squadron, atagwetsa kale ndege 48. Kumphuno kwa Fokker yake, ya nambala 103/17, kunajambulidwa nkhope ya maso ndi ndevu, ndipo imaoneka bwino pa zithunzi. Koma chivundikiro cha injini pomwe panali nkhopeyo chinatuluka chakuda pa filimu ija. Ena amati chinali chobiriwira ngati cha ku fakitale, ena amati chinali chachikasu, mtundu wa gulu lake la Jasta 10. Papita zaka zoposa 100, ndipo pa zionetsero za tindege toseweretsa mumapezabe ma Voss awiri pa tebulo limodzi, wina wa mphuno yobiriwira, wina wa mphuno yachikasu.