Vinyo wa ku Jurançon ndi Mfumu Henri

Kumwera kwa dziko la France, m'tsinde mwa mapiri akulu ochedwa Pyrenees, kuli mzinda dzina lace Pau. Patsidya pa mtsinje wa mzindawo pali zitunda za Jurançon, kumene anthu alima mphesa zopangira vinyo wotsekemera, wa maonekedwe onga uci. Vinyo ameneyu anachuka cifukwa ca nkhani ya kubadwa kwa mwana mmodzi.

Pa 13 December 1553, m'nyumba yacifumu ya ku Pau, Jeanne d'Albret anabala mwana wamwamuna. Atate wace wa Jeanne, Henri d'Albret, anali mfumu ya dziko laling'ono la Navarre, ndipo analakalaka mdzukulu wamwamuna wodzalowa ufumu. Akuti khandalo litangobadwa, nkhalambayo inalinyamula, nilipaka adyo pamilomo, nilinunkhiza vinyo wa m'cikho cace. Poona kuti mwana wagwedeza mutu, agogo anakondwera, nati ameneyu adzakhala mwana weniweni wa dzikolo. Amuchanso Henri. Cigoba ca kamba wa m'nyanja cimene anthu amati anagonamo cikali kusungidwa m'nyumbamo.

Pa masiku amenewo adyo ndiye anali mankhwala a anthu a kumidzi, odzichinjirizira ku matenda. Cotero nkhaniyi itanthauza kuti mwana wa mfumu analawa zoyamba zimene alawa mwana wa mlimi. Olemba mbiri oyamba anangochula adyo ndi vinyo. Dzina la Jurançon linalowa m'nkhaniyi pambuyo pace, ndipo linakhazikika popeza minda yace iri pafupi ndi nyumba ya mfumu.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Henri anakula, nalowa ufumu wa Navarre mu 1572, ndi wa France yense mu 1589, nachedwa Henri IV. Anapeza dziko litang'ambika pakati ndi nkhondo ya Akatolika ndi Aprotestanti. Iye mwini anali Mprotestanti, koma mu 1593 anatembenuka nakhala Mkatolika, ndipo mu 1598 anaika lamulo la ku Nantes lolola Aprotestanti kupembedza m'malo oikika. Mu 1610 munthu wina, Ravaillac, anambaya ndi mpeni m'mseu wa ku Paris. Atafa, anthu anayamba kumkumbuka monga mfumu yodziwa mabvuto a osauka, ndipo nkhani ya adyo ndi vinyo inamveka ponseponse.

Adzukulu ace anadziwa mphamvu ya nkhaniyi. Mu 1820 ufumu unali wogwedera, pakuti panali patangopita zaka 27 ciphedwere ca Mfumu Louis XVI, ndipo caka comweco mwana wa mbale wace wa mfumu anaphedwanso, nasiya mkazi ali ndi pakati. Mwana atabadwa mu September, Mfumu Louis XVIII anabwereza mwambo uja ndi adyo ndi vinyo wa ku Jurançon, ndipo mwanayo anamucha Henri. Cimene anafuna ndico kuti anthu aone Henri IV wabweranso. Koma cikondi ca anthu sicigulidwa ndi mwambo. Mu 1830 banjalo linapitikitsidwa, ndipo Henri ameneyu anafera ku Austria mu 1883 osalamula France.

Nayo minda inaona zace. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kacirombo kocokera ku America, kodya mizu ya mpesa, kanaononga minda ya France, ndi ya Jurançon yomwe. Alimi anabzalanso. Iwo amayanga mipesa yao m'mwamba kuopa cisanu ca pansi, ndipo mphesa za mtundu wa Petit Manseng amazisiya pa mtengo kufikira November kapena December, kuti mphepo yofunda yotsika m'mapiri izifotetse, madzi acepe, kutsekemera kucuruke. Mu 1936 boma linaika lamulo lakuti dzina la Jurançon likhale la vinyo wa m'dera limenelo wokha.

Lero France alibe mfumu. Nyumba ya ku Pau inasanduka yoonetseramo zinthu zakale, koma pa zitunda zija anthu akali kuchera mphesa caka ndi caka, ndipo mlendo akafika amamuuza za khanda limene linagwedeza mutu. Mafumu anayesa kutsamira pa nkhaniyi, nagwa. Amene anaisunga kufikira tsopano ndiwo alimi.