Mandrax, Camba ndi Dzina Lanu

Inu amene mwatsiriza giredi 12 ndipo muyembekeza kuti asilikali kapena apolisi alengeze zolemba anthu nchito, dziwani kuti satifiketi yokha siikwanira. Adzafunanso kalata ya ku polisi yonena kuti simunapezekepo ndi mlandu, ndipo kuti muilandire mudzadinda zala zonse khumi. Kodi boma lifuniranji kudziwa zakale zanu? Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

M'zaka za m'ma 1980 mzinda wa Lusaka unasanduka njira ya mapilisi osokoneza bongo ochedwa mandrax. Anali kucokera ku India ndi kukagulitsidwa ku South Africa pa mtengo wokwera. Mu 1985 Pulezidenti Kenneth Kaunda anatsekera anthu oganiziridwa kucita malondawa, ena mwa iwo odziwika m'dziko lonse, naika bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza a Chaila. Mu 1989 boma linakhazikitsa bungwe la Drug Enforcement Commission, ndipo mu 1993 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhwima la mankhwala oterewa.

Nkhani ya 1985 siinafe. Kumapeto kwa 1993 maiko othandiza Zambia ndi ndalama anadandaula kuti m'boma la a Frederick Chiluba munali anthu amene maina ao anachulidwa pa za mandrax. Mu January 1994 a Vernon Mwaanga, nduna ya nkhani zakunja, anatula pansi udindo. A Nakatindi Wina, amenenso anali nduna, ndi amuna ao a Sikota Wina, waciwiri kwa sipikala, anacita cimodzimodzi. Iwo anakana zimene anali kunenezedwa, ndipo si khoti limene linawacotsa. Cinawacotsa ndi cikaiko cimene cinawatsata zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Wosunga cuma kapena zinsinsi za dziko ayenera kukhala munthu amene palibe angamugule, kapena kumuopseza kuti aulula zakale zace.

A Mwaanga anadzabwereranso m'boma pambuyo pace. Nanga mnyamata wa ku Kapata kapena ku Mchini, wogwidwa ndi camba pa cipata ca Mwami, nakagona ku ndende ya Namuseche, adzamubweza ndani? Zala zace zatsala m'mabuku a polisi. Musanyengedwe ndi lamulo la 2021 lolola kulima camba ca mankhwala. Lamulolo ndi la okhala ndi laisensi, ndipo kusuta kukali mlandu.

Tsono ngati munalawapo kale, mutani? Ku America wofuna nchito ya zinsinsi za boma alemba fomu yochedwa SF-86, imene ifunsa ngati anagwiritsapo nchito mankhwalawa pa zaka 7 zapitazo. Wobvomera kuti anasutapo koma analeka kale angathe kuloledwa. Wonama apalamula mlandu wina, umene cilango cace cingafike zaka 5 m'ndende. Ofufuza adziwa kuti wobisa kanthu kamodzi adzabisanso kena, ndipo wogulitsa camba amene adziwa cinsinsi cace amugwira pakhosi.

Kuno kwathu malamulo ndi ena, koma ofunsa afuna cinthu comweco. Mukadzafunsidwa, nenani zoona, ngakhale zikucedwetseni. Wolowa nchito ndi bodza akhala ndi mantha tsiku lililonse, ndipo likadziwika acotsedwa ndi manyazi oposa oyamba aja. Inu amene simunayambe, mnzanu akakupatsirani ndudu ija kuseri kwa sukulu, kumbukirani tsiku lodinda zala. Wakutsina khutu ndi mnansi.