Bwalo la aphunzitsi ku Countesthorpe

Mphunzitsi watsopano akakwiya ndi ahedi, anthu amakonda kunena kuti ndi ubwana chabe, azolowera. Mbiri ya masukulu a ku Leicestershire, m'chigawo cha East Midlands ku England, imasonyeza china: mkwiyo wotere nthawi zambiri subadwira mumtima mwa mphunzitsiyo. Umabadwira pa funso la yemwe ali ndi mawu pa sukulu. Munthu amene amaima pamaso pa ana tsiku lonse, koma osafunsidwa kanthu pa ndondomeko zimene akuyenera kutsata, sangalephere kudandaula.

Stewart Mason, amene anali mkulu wa zamaphunziro m'boma la Leicestershire kuyambira 1947 mpaka 1971, anayamba mu 1957, m'madera a Oadby, Wigston ndi Hinckley, kusiya kusankhula ana ndi mayeso a pa zaka 11. Ana onse amapita limodzi ku sekondale yaing'ono, kenako amene ankapitiriza maphunziro amapita ku yaikulu akakwanitsa zaka 14. Kuchokera mu mzimu umenewo, mu 1970 munatsegulidwa Countesthorpe College, m'mudzi wa Countesthorpe kumwera kwa mzinda wa Leicester. Mkulu wake woyamba, Tim McMullen, anachita chinthu chimene ahedi ambiri sangalote n'komwe: anapereka mphamvu zake ku msonkhano wotchedwa Moot. Liwuli ndi lachikale, ndipo tanthauzo lake silili kutali ndi bwalo la kumudzi kwathu, kumene nkhani imakambidwa poyera. Pabwalolo, mphunzitsi amene wangotuluka kukoleji anali ndi mawu mofanana ndi wa imvi, ophunzira nawo amalankhula, ndipo mkulu wa sukulu anavomera kutsata zimene bwalo lagamula. Ngakhale kulemba ntchito aphunzitsi atsopano sikunali kwa munthu mmodzi.

Otsutsa anali ndi mfundo zomveka, ndipo sitingazinyoze. Misonkhano imadya nthawi, ndipo mphunzitsi wotopa ndi kuchonga mabuku angakonde kupuma kusiyana ndi kukangana za ndandanda ya maphunziro mpaka madzulo. Chinanso, zinthu zikalakwika, makolo ndi boma amafuna munthu mmodzi woti ayankhe, osati gulu. Zaka zoyambirira zinalidi zovuta. Nyuzipepala ya Leicester Mercury inkalemba nkhani zodzudzula sukuluyo, McMullen anachoka mu 1972, ndipo mu 1973 oyendera masukulu a boma anabwera kudzaifufuza yonse. Koma sukulu sinatsekedwe. John Watts, amene analowa m'malo mwa McMullen, anasunga bwalo lija, ndipo m'zaka zimenezo aphunzitsi anagawa sukuluyo m'magulu ang'onoang'ono, pamene aphunzitsi ochepa ankasamalira ana omwewo ndi kuwadziwa bwino. Apa ndi pomwe mfundo ya otsutsa imafookera: njira yothetsera chisokonezo inachokera kwa amene anali m'kalasi, chifukwa anali ndi malo oti aineneremo. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sukulu imene imauza mlendo kuti akhale chete imaponya kalumoko m'thengo.

Zinthu zinasintha pambuyo pake. Lamulo la maphunziro la 1988 linabweretsa silabasi imodzi ya dziko lonse ndi kuika ndalama za sukulu m'manja mwa ahedi ndi komiti yawo. Mu 1992 kunabadwa Ofsted, bungwe loyendera masukulu, ndipo kuyambira 2010 masukulu ambiri anachoka m'manja mwa makhonsolo n'kulowa pansi pa mabungwe oyendetsa masukulu angapo pamodzi. Countesthorpe nayo inatsata njira yomweyo. Ndi bwino kunena mwachilungamo kuti hedi wa lero nayenso ndi wopanikizidwa: mafomu amene amatula pa desiki ya mphunzitsi watsopano nthawi zambiri amachokera pamwamba pa iyeyo. Choncho mkwiyo umagwera munthu amene ali pafupi, pomwe ulamuliro weniweni uli kutali, ku London kapena ku likulu la bungwe.

Boma la Britain linazindikira kuti aphunzitsi achinyamata ku England akuthawa ntchito, pafupifupi mmodzi mwa atatu asanathe zaka zisanu, ndipo mu 2021 linatalikitsa nthawi yowaphunzitsa ntchito kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa ziwiri, aliyense ndi womulangiza wake. Zimenezi n'zothandiza, koma mlangizi amaphunzitsa munthu kupirira ndi kutsata dongosolo limene walipeza. Ku Countesthorpe, mphunzitsi wa chaka choyamba akaona kuti lamulo lina likuvutitsa ana a m'kalasi mwake, ankatha kulitengera kubwalo, ndipo ahedi ankakhala pansi kumvetsera ngati wina aliyense.