Chithunzi chikavuta: zimene kanema waphunzitsa Amalawi

Television Malawi (TVM) inayamba kuulutsa zithunzi ku Blantyre pa 1 Epulo 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Tinachedwa ndithu. Ku Zimbabwe wailesi ya kanema inayamba mu 1960, ku Zambia mu 1961, ndipo South Africa, imene inkakana kwa nthawi yaitali, inagonja mu 1976. Kuno zaka zonse za Dr Hastings Kamuzu Banda zinatha dziko lilibe kanema wakewake. Atafika, anthu anathamangira m'masitolo a ku Limbe ndi Lilongwe, ena anatumiza mawu kwa abale a ku Joni, ndipo m'nyumba zambiri munamveka dandaulo limene silinathe mpaka lero: bwanji TV yatsopanoyi sikuonetsa monga inkaonetsera kusitolo? Yankho lakhala likusintha zaka zonsezi, koma kawirikawiri vuto silinali m'bokosi logulidwalo.

Amisiri oyamba anaphunzirira ntchito pa matepi a vidiyo, TVM isanabadwe. M'matauni munali kale timanyumba ta vidiyo sho, momwe anyamata ankalipira kangachepe kuti aonere Rambo ndi Chuck Norris. Tepi ya VHS ikazungulira m'madeki ambiri inkatha, ndipo mizere yoyera inkayenda m'munsi mwa chithunzi kapena kuchidula pakati. Woonetsa filimu ankadziwa kabatani ka tracking kuposa dzina la agogo ake. Zikakanika ankatsekula deki n'kupukuta mutu wake ndi kapepala konyowetsa ndi sipiriti, oonera akukuwa kumbuyo kuti abwezeredwe ndalama.

TVM itabwera, mavuto anakwera padenga. Chithunzi cha nthawi imeneyo chinali cha analogi, ndiye kuti mphamvu ya siginolo ikachepa, chithunzinso chinkafooka pang'onopang'ono: mitundu inkayamba kuthawa, kenako timadontho toyera ndi takuda tinkadzaza galasi lonse, mpaka wowerenga nkhani n'kutsala mawu okha. Mankhwala ake anali nsungwi yaitali kapena mtengo wa bulugama, eriyo n'kumangidwa pamwamba pake. Mwana mmodzi ankaima panja akupotoza mtengowo, wina pawindo, bambo ali pampando. "Bwerera pang'ono! Pomwepo! Iwe, wasunthanso!" Nyumba yonse inkagwira ntchito imeneyi, makamaka tsiku limene Flames ikusewera.

Anthu a ku Blantyre anali ndi mtanda wawowawo. Mzindawu wazunguliridwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndipo siginolo ikagunda phiri kapena nyumba yaitali imabwerera. Eriyo inkalandira chithunzi chimodzi kawiri, china molunjika, china mochedwa pang'ono chitazungulira, motero munthu mmodzi ankaoneka ndi mnzake wotuwa kumanja kwake. Ambiri anabweza TV kusitolo chifukwa cha chimenechi, pomwe chofunika chinali kutembenuza eriyo kapena kuisamutsira mbali ina ya denga.

Panalinso vuto lochokera kutali, limene wogula sakanaliona ndi maso. Dziko lapansi silinagwirizane njira imodzi yotumizira chithunzi cha mitundu. America inakhazikitsa NTSC mu 1953, ya mizere 525, ndipo Japan inatsatira yomweyo. Ku Germany, Walter Bruch wa kampani ya Telefunken anakonza PAL, ya mizere 625, imene inayamba kugwira ntchito mu 1967 ndipo inafalikira ku Britain ndi mayiko ambiri a mu Africa, Malawi ali momwemo. Choncho wachibale wobwera ndi TV yokongola kuchokera ku America ankangobweretsa chisoni: chithunzi chinkagudubuzika kapena kutuluka chopanda mitundu. Choipa kwambiri chinali magetsi. TV yopangidwira mavoti 110 ikalowetsedwa pa soketi ya kuno, ya mavoti 230, inkangotulutsa utsi. Apa amisiri anaphunzira kuwerenga kachikwangwani ka kumbuyo asanagwire sikuludiraiva, ndipo mawu akuti multi-system anasanduka chinthu choyamba kufunsa pogula.

Kumudzi nkhani inali ya batire. Ka TV kakuda ndi koyera kankayendera batire ya galimoto, ndipo moto ukayamba kutha chithunzi chinkafota, kusiya mdima m'mbali. Aliyense ankadziwa kuti mawa njinga ipita kukatchajitsa. M'tauni, amene anali ndi TV ya mitundu ankaikongoletsa poisanjika pakati pa masipika akuluakulu, posakhalitsa pakona pa galasi n'kutuluka banga lobiriwira kapena lofiirira. Maginito a m'sipika ankakhotetsa njira ya ma elekitironi m'kati mwa chubu. TV zotupa kumbuyo zija zinali ndi waya wochotsa mphamvu ya maginitoyo, amene ankagwira ntchito ikangoyatsidwa ili yozizira, moti kuchotsa masipika, kuzimitsa kwa theka la ola n'kuyatsanso kunali kokwanira nthawi zambiri. Mmisiri wochenjera sankaulula msanga zimenezi.

Dishi inabwera ndi zake. DStv inayamba mu 1995, ndipo m'zaka zotsatira madenga anadzaza ndi madishi, ena olipira mwezi ndi mwezi, ena a madikoda aulere. Chithunzi chinali choyera, koma mtambo wa mvula ukakuta chinkasweka m'timabokosi kenako n'kuima, chifukwa madontho a mvula amameza mafunde a Ku-band amene setilaiti imagwiritsa ntchito. Dishi yolozetsedwa mwa chisawawa, kapena waya wolowa madzi polumikizira, zinkafulumizitsa vutolo. Umu ndi mmene ntchito ya oika madishi inabadwira, anyamata oyenda ndi makwerero ndi sipanala.

Kusintha kwakukulu kunapanganidwa ku Geneva mu 2006, pamene mayiko a mu Africa ndi Ulaya, pansi pa bungwe la ITU, anagwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku dijito. Malawi inasankha njira ya DVB-T2, boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye inalowa m'nyumba pamodzi ndi ya GOtv. Timadontho tija tinatha, mnzake wotuwa uja anasowa. Koma dijito ilibe za pakatikati: chithunzi chimakhala bwinobwino mpaka siginolo itatsika kufika pa mlingo wina, kenako chimangodukiratu. Wopotoza eriyo masiku ano sadaliranso kukuwa kwa bambo. Amayang'ana mizere iwiri pa menyu ya dikoda, wa mphamvu ndi wa ubwino wa siginolo, ndipo wachiwiriwo ndiye wofunika. Vuto lakale la NTSC nalo linangosintha malaya, pakuti TV ya ku America imamva ATSC, ya ku Japan ISDB-T, ndipo zonsezi sizigwira matchanelo a kuno popanda dikoda.

Tsopano tafika pa pulazima, dzina limene Amalawi anapatsa TV iliyonse yopyapyala, ngakhale zambiri zili za LED. Apa ndi pamene dandaulo lija lakula, ndipo chifukwa chake ndi masamu chabe. Kusitolo amaonetsa filimu yokonzedwera kutsatsa, TV ili pa makonzedwe a m'sitolo owala mopitirira muyeso. Kunyumba munthu amailumikiza ku dikoda yakale ndi waya wa mitu itatu uja, wachikasu, woyera ndi wofiira. Waya wachikasu sanyamula zoposa chithunzi cha mizere 576. Chithunzi chotere chili ndi timadontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, pomwe galasi la 4K lili ndi 3840 ndi 2160, kuchulukitsa ka 20. TV imayenera kupeka timadontho totsalato, ngati mayi wothira madzi mu ndiwo za munthu mmodzi kuti zikwanire anthu 20. Galasi likakula, kusungunukako kumaonekeranso kwambiri, n'chifukwa chake agogo ena amalumbira kuti TV yakale inkaonetsa bwino. Sakunama kwenikweni: galasi laling'ono la chubu linkabisa zambiri.

Mmisiri wa lero akaitanidwa ku nyumba yotere, nthawi zambiri satsekula n'komwe TV. Amachotsa waya wachikasu n'kuika wa HDMI, ngati dikoda ili ndi polowetsa pake, n'kulowa m'menyu ya dikodayo kuti izitulutsa 1080. Amachotsa TV pa makonzedwe a m'sitolo, amatsitsa sharpness amene amazunguliza nkhope ndi mizere yoyera, amazimitsa motion smoothing imene imachititsa filimu kuoneka ngati sewero lojambulidwa pa foni. Anthu akaoneka onenepa ndi afupi, amadziwa kuti chithunzi chakale cha 4:3 chakokedwa kuti chidzaze galasi la 16:9. Pomaliza amatsekula menyu ya TV yeniyeniyo kapena kuika fulashi ya filimu yabwino. Mzere kapena banga likaonekabe pamenepo, ndiye kuti galasi ndi lowonongeka, ndipo amauza mwininyumba afunefune lisiti ndi katoni nthawi ya waranti isanathe.