Matenda a Shuga Pakati pa Odwala Chifuwa Chachikulu: Zoyenera Kudziwa

Ngati inu kapena wachibale wanu mukumwa mankhwala a chifuwa chachikulu (TB) ku Mbamba Bay, ku Liuli kapena kwina kulikonse m'boma la Nyasa, pemphani achipatala kuti akuyezeninso shuga m'magazi. M'Chiswahili matenda awiriwa amatchedwa kifua kikuu ndi kisukari.

Kodi odwala onse awiri ndi ochuluka motani?

Kafukufuku wa mumzinda wa Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria m'dziko lomwe lino la Tanzania, amene anasindikizidwa mu 2011, anayeza odwala TB ya m'mapapo okwana 803. Pafupifupi 17 mwa 100 alionse anapezeka ndi matenda a shuga, pamene mwa anthu opanda TB a m'dera lomwelo anali 9 mwa 100 alionse. Kafukufuku wina wa mu 2019, wophatikiza zopezeka m'mayiko ambiri, anasonyeza kuti mwa odwala TB 100 alionse, odwalanso shuga ndi pafupifupi 15 padziko lonse ndipo 8 mu Africa.

N'chifukwa chiyani amayendera limodzi?

Shuga akachuluka m'magazi amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Motero wodwala shuga ali pachiopsezo chodwala TB kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anzake, amachedwa kuchira, ndipo TB ingathe kumubwereranso. N'chifukwa chake mu 2011 bungwe la WHO linalangiza kuti wodwala TB aziyezedwa shuga, ndipo wodwala shuga aziunikidwa TB.

Musadikire zizindikiro

Kuwonda ndi kufooka zimabwera ndi matenda onse awiri, choncho shuga amabisala mosavuta. Uzani achipatala ngati mukumva ludzu kwambiri, mukukodza pafupipafupi makamaka usiku, kapena zilonda zikuchedwa kupola.

Shuga akapezeka wokwera

TB payokha imatha kukweza shuga kwa kanthawi, motero yezetsaninso mankhwala akayamba kugwira ntchito. Ngati mumamwa kale mapiritsi a shuga, pitani nawo kuchipatala, pakuti rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya ena monga glibenclamide. Musasinthe mlingo mwa inu nokha.

Malizani miyezi yonse 6 ya mankhwala a TB, ngakhale mukuona kuti mwachira. Ngati mudzakhale masiku angapo panyanja kokapha usipa, auzeni achipatala pasadakhale kuti mankhwala asakuthereni muli kutali.