Kuyeza DNA Pantchito: Chimene Antchito Amaopa

DNA ndi chibadwa chimene munthu amatengera kwa makolo ake. Poyeza magazi kapena malovu, madokotala amatha kuona matenda akumtundu amene munthu angadzadwale, iye akadali bwinobwino.

Chimene antchito amaopa kwambiri ndi chakuti zotsatira zake zingafike kwa bwana. Bwanayo atha kukana kulemba ntchito munthu wathanzi, kapena kuzemba chipukuta misozi ponena kuti matendawo ndi obadwa nawo.

Ku America, kampani ya sitima zapamtunda ya Burlington Northern Santa Fe inkayeza mwachinsinsi DNA ya antchito amene ankadandaula kuti ntchito yawapweteka manja. Nkhaniyo itaululika, mu 2002 kampaniyo inavomera kulipira antchito 36 madola 2.2 miliyoni. Mu 2008 dzikolo linakhazikitsa lamulo la GINA, loletsa mabwana kusala anthu chifukwa cha DNA yawo.

Kuno ku Mozambique, lamulo la 2002 linaletsa mabwana kuyeza antchito HIV popanda chilolezo chawo. Mfundo yake ndi imodzimodzi. Choncho musanapereke magazi kuntchito, kaya kuesiteti kapena kumgodi, funsani chimene akufuna kuyeza ndiponso amene adzaone zotsatira.