Juga Imene Inathera Panjira

Anzanga, mutu wa probability uja unkatisowetsa tulo pokonzekera MSCE unabadwira pa juga. Lero ndikufuna ndikufotokozereni funso limene linaubala.

Anthu awiri aponya ndalama zagolide 32 aliyense, ndipo agwirizana kuti woyamba kupambana katatu atenga zonse 64. Mwatsoka masewerowo athera panjira, wina atapambana kawiri, mnzake kamodzi. Agawane bwanji?

Luca Pacioli wa ku Italy, m'buku lake la 1494, ankati mafunso otere ayankhidwe poona kuti aliyense wapambana kangati. Apa ndiye kuti wotsogolayo atenge magawo awiri, mnzake limodzi. Zikumveka, koma bwanji akanalekeza wina atangopambana kamodzi, mnzake asanalaweko? Wakamodziyo akokolole zonse basi?

Mu 1654, Chevalier de Méré, mkulu wokonda juga, anatula funsoli kwa Blaise Pascal ku Paris. Pascal anayamba kulemberana makalata ndi Pierre de Fermat, woweruza milandu ku Toulouse. M'kalata yake ya pa 29 July, Pascal anayang'ana ulendo wotsatira umene anthuwo sanasewere. Wotsogola uja akanapambana, akanatenga 64. Akanaluza, akanafanana ndi mnzake, aliyense 32. Choncho 32 ndi zake ndithu, zivute zitani. Zotsalazo, 32, mwayi wake ngofanana, ndiye agawane pakati. Wotsogola atenge 48, mnzake 16.

Fermat anadzera njira ina. Anati mkanganowu sungapyole maulendo awiri, ndipo maulendo awiri angathe m'njira zinayi. Mwa zinayizo, wotsalira m'mbuyo amapulumuka m'njira imodzi yokha, akapambana konse kuwiri. Zitatu zinazo ndi za wotsogola, ndipo magawo atatu mwa anayi a 64 ndi 48 yomweyo. Pofika 1657, Christiaan Huygens wa ku Holland anasindikiza kabuku kophunzitsa masamu amenewa.

Chimene ine ndimatolapo n'chakuti akuluakuluwa ankawerenga njira zonse zimene zinthu zingathere kutsogolo. Tree diagram imene mng'ono wanu akulimbana nayo ku Fomu 4 imachita zomwezo. Kampani za beting'i nazonso zimawerenga choncho zisanakuikireni ma odds pafoni, n'kudzisiyirako phindu. Ife timangoti, "ndaluza kasanu, lero yokha ndiphula." Koma dayisi sakumbuka zadzulo. Mwayi woti agwe pa 6 ukadali umodzi mwa zisanu ndi chimodzi, ngakhale mutaponyapo ndalama ya lendi.